Mzere wa Mapira Ofiira

Kunja kutada, mayi wofufuza za mbewu anakumbukira kuti wasiya mpopi wosatseka kumunda komwe ankayerekeza mitundu ya mapira. Anatenga tochi n'kubwerera.

Masana a tsikulo anali atauza antchito kuti azule mzere wa mapira ofiira, poti sankabereka ngati oyera ndi akuda. Mbewuyo anamusiyira ndi malemu malume ake, iye n'kulonjeza kuti sidzatha. Antchito atafunsa ngati asungeko ngala imodzi, anati aotche zonse, koma utsiwo sanathe kuuyang'ana.

Atatseka mpopi, anamva chitini chikulira monga amachiimbira oingitsa mbalame. Komatu mbalame zinali zitagona kale. Anaunika pamene panali mzere uja. Pa dothi lopanda kanthupo panaima bambo wovala chipewa, atamufulatira.

"Kodi ndinu alonda?" anafunsa mayiyo.

Chitini chinaleka kulira.

"Ndafika kalekale kudzaingitsa mbalame," anatero bamboyo mofatsa, "koma ngala sindikuziona. Waziika kuti, mwana wa mlongo wanga?"

Bamboyo anayamba kucheuka pang'onopang'ono.