Usadzacheuke

Mitambo itayamba kuda kumtunda kwa mtsinje, mayi wosoka zovala anaimitsa mashini n'kuitana mwana wake wamkazi. Anamukoleka pachifuwa chikwama chimene anachisokera tsiku la madzi osefukira. Munali bulangete, tochi ndi mankhwala a mphumu a kamlongo ka mtsikanayo.

"Tanena. Madzi akafika pakhonde, udzatani?"

"Ndidzabereka mwana n'kuthamangira kusukulu ya paphiri."

"Ukaiwala kanthu?"

"Sindidzabwerera, ngakhale ndi nsapato."

Mayiyo anafupikitsa lamba wa chikwamacho, poti mapewa a mtsikanayo anali aang'ono. Ndodo zoyendera za mayiyo zinali zitatsamira khoma. Iye ankadziwa bwino kuti mwendo wake sungapikisane ndi madzi.

"Nanga inuyo, amayi?"

"Ine ndidzakutsatirani pambuyo. Iwe usadzacheuke."

Mtsikanayo anazyolika.

"Ababa ananenanso choncho chaka chatha."

Mvula inayamba kugogoda pamalata. Mayiyo anamugwira mwanayo masaya onse awiri.

"Ndilonjeze, mwanangu. Ndakupempha."

Mtsikanayo anawayang'ana amayi ake m'maso, misozi ili mbwembwembwe, ndipo anapukusa mutu.