Nyali ndi Tambala pa Njinga Imodzi

"Ababa, amayi akavotera nyali, inu tambala, ine ndizikhala ndi ndani?"

Anafunsa choncho Tryness, mwana wathu wa zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa wa tsiku la riferendamu yosankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wa chipani chimodzi, ine ndikupopa njinga. Sindinaseke. Mwanayu anali ataona amake Noah, oyandikana nafe kuno ku Ligowe, akupirikitsa amuna awo, a Jailosi, pa mkangano womwewu.

Nditangokwera njinga, mkazi wanga anatuluka, nakhala pakaliyala n'kundigwira m'chiuno.

"Atambala angawa amapalasa bwino njinga," anatero. "Ndiwasiye kuti ndiziyenda wapansi?"

"Inenso ndingasiye munthu wonditsutsa mokoma chonchi?" ndinayankha.

Tryness anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anathamanga kukauza anzake kuti kwawo banja silikutha.

Amake Noah, amene anamva zonsezi, anali ataima ndi tsache kuseri kwa mpanda, maso ali pa mwana wawo amene anangoti ndwii pakhonde.

"Bambo a Tryness, mawa mukanditengereko a Jailosi ku Matandani kumene anathawira. Mukawauze kuti Noah sakudya."

"Ndilawirira, mayi. Sindibwerako ndekha."