Diso la Wulan

"Amayi, n'zoona kuti diso langali ndi laling'ono chifukwa munkapha milamba muli ndi pakati?" anafunsa Wulan.

Sumiyati anasiya kupeta mpunga. Apongozi ake anakhala akunena zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo iye ankakhulupirira.

Mnansi wake, mayi Ngatinem, anasuzumira pampanda.

"Milamba yake iti? Kuchipatala kuja ine ndinalipo, iwe uli chikomokere. Dokotala anauza mwamuna wakoyo kuti disolo linangolephera kukula m'mimba, palibe wolakwa. Sanakuuze?"

M'nyumbamo, Darmaji, mwamuna wa Sumiyati, anakweza wailesi.

"Lachisanu, azimayi akasonkhana kumzikiti, mukanene zimenezi apongozi anga akumva," anatero Sumiyati.

"Ndikanena ndithu, mwanawe. Ndikakhala pafupi nawo penipeni."