Duwa la kuphiri la Ndirande

Amuna anga, a Jonasi, akamanama amakanda khutu. Analikanda Loweruka m'mbandakucha ponena kuti akukapemphera kuphiri la Ndirande. Ine n'kuti nditawamva kale akunong'ona pafoni kuti, "Duwa lija ndikalipeza kusanawale."

Ndinawalondola chapatali, nditakonzeka kukamuona mtsikanayo maso ndi maso.

Ndinawapeza kuseri kwa mwala atagona chafufumimba m'mame, thalauza la kutchalitchi lili matope okhaokha. Foni anali atayiyandikiza pa kaduwa kofiirira, kochepa ngati batani, osapuma n'komwe.

"Pemphero lake ndi limeneli, bambo a Tadala?"

Anadzidzimuka, chithunzi n'kuwonongeka.

"Mukanandiseka, mayi a Tadala. Bambo wamkulu ngati ine kumajambula maluwa? Onani, kuwala n'kochepa. Tandigwirirani tochiyi cham'mbali, osati pamwamba."

Ndinayigwira. Timadontho ta mame tinaoneka bwinobwino pafoni paja. Ndinaseka mpaka misozi.

Madzulo ndinalongedza m'chikwama tochi, fulasiki ya tiyi ndi chisaka choti azigonapo, poti wochapa thalauza ndine. Ulendo wotsatira tikwera awiri.