Bokosi la m'kalasi mwa Kadoli

Amake Kadoli anaima pakhomo la kalasi, wefuwefu, tepi yoyezera zovala idakali m'khosi. Mwana wawo anali pansi pa desiki, manja ali kumakutu, akulira mosasa mawu. Panja amisiri ankakhoma malata pa kalasi yatsopano. Mayiwo anaponya maso m'bokosi limene linali pa tebulo la aphunzitsi. Makadi a zithunzi analimo. Kabotolo ka mchenga kanalimo. Zotsekera m'makutu munalibe.

Kadoli anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo achipatala anati ali ndi otizimu. Kuwerenga sikunkamuvuta. Chinkamuvuta ndi phokoso, komanso kusintha kwa zinthu: kusiya phunziro ili n'kuyamba lina, kutuluka panja, kulowanso. Belu likalira ankadzimenya m'mutu. Atamukweza kalasi, anakanira pakhomo sabata yathunthu, mpaka mayi akewo anatseka shopu yawo yosokera n'kumangotandala pasukulu.

Kenako panabwera bokosilo. Amake Kadoli anali atalemba fomu yopempha thandizo ku bungwe lina loona za ana otere, ndiye ataliona anati pempho lawo layankhidwa. Makadiwo ankamuonetsa mwanayo chimene chikubwera: buku, kenako mpira, kenako kunyumba. Mchenga ukatha kutsika m'kabotolo, ankadziwa kuti nthawi yosintha yakwana. Belu lisanalire ankavala zotsekera m'makutu zija, n'kukhala phee. Makina osokera anayambanso kulira kushopu.

Chimene sichinkawagwira mtima ndi mphunzitsiyo. Anali wachilendo pasukulupo, ndipo makolo ankamutcha Chiweramire, chifukwa ankayenda maso ali pansi ngati wataya singano. Ukamupatsa moni, ankayankha nsapato zako. Sankadya ndi aphunzitsi anzake. Pa nthawi yopuma ankadzitsekera m'kachipinda kosungiramo mabuku, osadziwika chimene ankachitamo. Amake Kadoli anali atasokera anthu amitundumitundu, ndipo ankadziwa kuti munthu wosakuyang'ana m'maso amakhala ali ndi lake.

Lachisanu lina anamuona ndi maso awo akulowetsa kabotolo ka mchenga m'chikwama chake. Lolemba kanabwerera, inde. Koma iwo anati wakuba wochenjera amayamba choncho, kuti aone ngati alipo akumuona. Sabata yotsatira kunasowa makadi awiri tsiku lathunthu. Atamufunsa, mphunzitsiyo anangoti ali pabwino, osawonjezera kanthu, thukuta lili pamphuno. Kuyambira pamenepo mayiwo anayamba kulemba masiku onse amene chinthu chasowa m'bokosimo kumapeto kwa buku lawo la miyezo ya makasitomala.

Tsiku la malatali, sukulu inawaimbira foni nthawi yopuma itangotha. Atafika, mayiwo anagwada, n'kumufunditsa Kadoli nsalu kumutu mpaka kulira kunachepa. Atamusiya m'manja mwa mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayo, analunjika ku ofesi ya ahedi, buku lija lili m'manja.

Ahedi anali mayi wachikulire, wosapupuluma. Anamvetsera masiku onse akuwerengedwa, limodzi ndi limodzi, kenako anatumiza uthenga kuti Chiweramire abwere ndi chikwama chake. Anabwera, n'kuima pafupi ndi chitseko. Nyundo ikagunda panja, mapewa ake ankadzidzimuka. Amake Kadoli anati mumtima: wagwidwa, n'chifukwa chake akunjenjemera.

"Atsekule chikwamacho," anatero.

Anatsekula. Pamwamba pa mabuku a ana panali zotsekera m'makutu.

Mayiwo sanakuwe. Analankhula motsitsa. Anati iwo amadziwa akuba nsalu, akuba ulusi, koma wobera mwana wosatha kudzinenera anali asanamuonepo. Anati mwana wawo wamenyetsa mutu pakonkire chifukwa cha munthu amene amayenera kumuteteza. Anati akauza a bungwe lija kuti katundu wawo akuthera m'chikwama cha mphunzitsi, ndipo sachoka mu ofesimo mpaka atamva kuti munthuyu sadzapondanso m'kalasi mwa Kadoli.

"Mulibe manyazi, aphunzitsi? Tandiyang'anani."

Sanawayang'ane. Ankangopotokola lamba wa chikwamacho.

Ahedi anavula magalasi awo n'kuwaika patebulo. Anamufunsa mphunzitsiyo ngati akuwalola kulankhula. Iye anagwedeza mutu kuvomera.

"Mayi, fomu yanu ija a bungwe aja sanayankhe mpaka lero," anatero ahedi. "Bokosi lija ndi la aphunzitsiwa. Anawakonzera ndi mayi awo iwowa ali msinkhu wa Kadoli, poti nawonso ali ndi vuto lomweli, ndipo akhala nalo moyo wawo wonse."

"Belu ndimapirira kuti zotsekerazi avale mwanayo," anatero mphunzitsiyo, maso ali pansi. "Koma malata aja andikanika lero, mayi. Ndimati ndivaleko mphindi khumi zokha."