Mzere Wofiira wa pa Mapu

Fryson anayala mapu pa boneti ya Datsun n'kuyamba kulondola mzere wofiira ndi chala. Mayi wina wa ku ofesi ya boma anali atanena mosapsatira kuti ngongole ya nyumba za kumidzi imaperekedwa kunja kwa mzerewo basi.

Linali Loweruka lachisanu ndi chiwiri akulawirira kuchoka kumene ankakhala ku Landover kukasaka nyumba m'timatauni ta ku Maryland, ku America. Mwa nyumba zonse zimene anaona, iyi yokha ndiyo inali ndi denga losadontha.

Mkazi wake Towera anali atalowa kale pabwalo. Anagwada movutikira ndi pathupi pake, akufikisa dothi m'manja.

"Bambo a Mable, pano maungu angabereke mpaka kutopa nawo."

Fryson anayang'anitsitsa mapu aja. Mzere unadutsa pakati penipeni pa msewu umene anaimikapo galimoto, ndipo nyumbayo inatsalira mkati. Anatembenuza mapu, n'kuwatembenuzanso.

Towera anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anasasa dothi lija.

"Nayonso?"

"Nayonso. Akulola kuyambira tsidya ilo."

Onse anatembenukira kutsidya kwa msewu. Kunali kapinga wotchetcha bwino, mpanda wachitsulo, ndi mizere ya miyala ya manda.

"Kumeneko ndiye tidzalowa popanda fomu," anatero Towera. "Nditsegulireni chitseko cha galimoto, msana ukuwawa."