Jethro Aitana Kuboma

Jethro anali asanagwirepo wailesi yotumizira mauthenga chibadwire, koma tsiku limenelo panalibe wina woti aigwire. Adokotala a pakachipatala kameneka, cha kwa Magodi, anali atapita ku msonkhano wa chipani. Anesi, Mayi Mtonga, anali m'chipinda chinacho ndi Ennie, mkazi wake. Mwana anabadwa bwinobwino m'mawa, koma magazi sankaleka.

"Dinani apa, adada, mukambe," anatero anesiwo pomupatsa cholankhulira, manja awo ali psuu. "Auzeni atume ambulansi mwamsanga." Ananena izi akuthamangira kale kwa wodwala.

Jethro anadina batani. Kusokosera kwa wailesi kunangoti zii, iye nadziwa kuti njira yatseguka. Anali atamvapo kuti zipatala zonse za kumidzi, kuyambira kumalire mpaka kuchigwa, zimakumana pa wailesi imodzi ya ku Lundazi, ngati masipoko a njinga. Njira yolimbirana anthu ambiri chotere, ukaipeza suitaya. Anakanikiza chala mwamphamvu, dzanja linalo n'kuvula chipewa, pakuti munthu woleredwa salankhula ndi boma chipewa chili kumutu.

"Odi, odi kuboma. Monire mose. Ndine Jethro Zimba, mwana wa malemu a Solomon. Akazi anga, amake Ezron, adwala maningi kuno kwathu. Chonde tumani motoka."

Anatchera khutu. Kunali chete.

Anayambiranso, tsopano mokweza mawu. Anafotokoza mmene anabwerera ndi mkazi wake pa ngolo, mmene mwana analirira, mmene nsalu zonse zinathera popukuta magazi. Anatchula ana amene anatsala kunyumba. Wailesi inangomuyang'ana.

Pamenepo mantha anasanduka mkwiyo, chifukwa Jethro sanali mwana. Mwezi wathawo anajomba msonkhano wa chipani n'kupita kukakumba mtedza, ndipo atcheyamani a nthambi anamuloza chala pamaso pa anthu, amvekere tsiku lina adzalifuna boma. Tsikulo linali litafika. Ankawaona m'maganizo mabwana aja atakhala mozungulira wailesi, akumwa tiyi, akukodolana kuti musiyeni alire, aphunzire.

Anameza mkwiyowo, pakuti sukanadzutsa Ennie. Anagwada pasimenti.

"Mabwana, nalakwa ine. Khadi ya chipani nili nayo. Misonkhano yonse nizabwela, olo kugwe mvula ya matalala. Langani ine, osati amake Ezron. Alibe mlandu."

Dzuwa linachoka pazenera n'kukwera padenga. Chala chinachita dzanzi, iye n'kuchithandiza ndi dzanja lachiwiri. Anapempha m'Chinyanja, anapempha m'Chitumbuka, anasakaniza ndi kachizungu kake kothyokathyoka ka kudepoti ya chimanga. Mapempho atatha anayamba kupemphera, pakamwa padakali pa cholankhulira, osasankhanso kuti amve ndi Mulungu kapena boma. Kuseri kwa khoma kubuula kwa Ennie kunkachepera, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa kukuwa kwa m'mawa kuja.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Mayi Mtonga anali atasamba m'manja. Sanalowe. Anangogwada pakhomo pomwepo, maso pansi.

"Adada, nakangiwa. Amama atisiya."

Jethro sanalire. Zala zake zinamasuka zokha, cholankhulira n'kugwera pansi.

Nthawi yomweyo wailesi inaphulika ndi mawu a munthu wosasa, amene anaoneka kuti wakhala akukuwa nthawi yaitali.

"...a Zimba, chonde siyani batani! Mukadina simungatimve. Takumvelani kuchokela pa odi wanu, ambulansi ili pageti kuno kuboma, injini ilila. Manje kwanu ni kuti? Muli pa kiliniki iti?"